Phula Lokwerera Mtunda

Hemsedal, 26 Novembala 1995

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wochokera kumapiri kuno. Ine ndili bwino, kupatula matako amene ada bii chifukwa chogwa. Kaya inu muli bwanji, nanga Ababa ndi ng'ombe zawo?

Ntchito ndayamba. Ndimatsuka mbale kuhotela madzulo, ndipo masana onse ndi anga. Andipatsa kachipinda kapansi koyandikana ndi mosungira mbatata, moti ndikagona ndimamva fungo la kwathu.

Chipale chofewa chagwa chambiri sabata ino ndipo ngalande yathu yatheka. Amayi, mukanaiona! Aikumba pamtsetse wa phiri, yotalika kuposa khola lathu, makoma ake awiri opindika ngati momwera ng'ombe. Umalowamo utaima pathabwa lako, n'kumatsetsereka kuchoka khoma ili kupita khoma ilo. Ukakhala ndi liwiro umapitirira mlomo wa khoma n'kuuluka, ndipo oweruza amayang'ana m'mwambamo: wakwera bwanji, wazungulira kangati, watera bwino kapena wagwa ngati thumba la feteleza. Pakadali pano ine ndine thumba la feteleza.

Mphunzitsi wathu dzina lake ndi Jarle. Tsitsi lake n'lalitali kuposa langa, ndipo Ababa atamuona angamupatse sizasi ya nkhosa. Dzulo wandikalipira kuti, “Iwe Rannveig, ukuima ngati ukukama ng'ombe! Pinda mawondo, ngalandeyo siluma.” Koma pomaliza anandiuza kuti mantha ndilibe, ndipo zotsalazo zimaphunzirika.

Pangano langa ndi Ababa sindinaliiwale, musade nkhawa. Anandipatsa nyengo yachisanu imodzi yokha. Ndikapanda kusankhidwa kulowa timu ya dziko, ndibwerera kwathu, ndikalowe sukulu ya ulimi ndi kutenga famu monga mwana woyamba. Osankhawo adzationa kawiri: ku Trysil pa 6 Januwale, ndi ku Oppdal mwezi wa Malichi. Ndikuifuna timuyi, Amayi, ndikuifuna moti nthawi zina chakudya chimandikanika.

Ngati mungathe, nditumizireniko masokosi aubweya ndi kangachepe kogulira magolovesi. Anga ang'ambika m'zala.

Ndine mwana wanu,
Rannveig

Folldal, 4 Disembala 1995

Mwana wanga Rannveig,

Kalata yako yafika ndipo mtima wanga wakhala m'malo. Kuno tili bwino, kungoti kwazizira moti mipope ya kukhola inauma Lachiwiri. Masokosi ali m'phukusimu pamodzi ndi ndalama zokwana makorona mazana atatu ndi mikate ya mbatata. Za matakozo usadandaule nazo, walira mvula walira matope.

Kalata ndinawawerengera abambo ako pa khofi. Ankanamizira kuwerenga nyuzi, koma tsamba silinatembenuke mpaka ndinamaliza. Kenako akuti, “Mulungu anapatsa munthu miyendo iwiri, ndiye matabwa akhalenso awiri. Masikii, thabwa kuphazi lililonse, ndiwo ulemu. Womanga miyendo yonse pathabwa limodzi ndi nkhuku yopita kumsika.”

Ine ndinati, “Eilif, nkhukuyo ndi mwana wanu.”

Iwo akuti, “N'chifukwa chake zikundiwawa.”

Usawatengere kumtima. Abambo ako pakamwa m'pouma koma ndimawadziwa. Lamlungu ndawapeza atatsitsa kabokosi kawo ka phula kaja, akutsegula zitini n'kumanunkhiza. Ukukumbukira muja unkachita mipikisano ya masikii uli wamng'ono? Akangotha kukama ankatuluka panja kukafinya chipale m'manja, n'kusankha phula loyenera tsikulo. Ankalipaka pakati pa masikii ako n'kulisalaza ndi chikhatho mpaka lisaoneke, kuti pokwera mtunda usabwerere m'mbuyo. Ana a anthu ena ankaterereka pazitunda, iwe n'kumangokwera ngati mbuzi. Chisiyireni masikii iwe, kabokosiko kakhala pamwamba pa kabati ngati kamasiye.

Staslin, ng'ombe ya belu ija, yabereka mwana wamkazi. Wati Khirisimasi ugwira ntchito, ndamva. Koma Chaka Chatsopano ubwere, nthiti za nkhosa ndikusungira.

Mayi ako,
Oddny

Folldal, 6 Januwale 1996

Mwana wanga,

Ndikulemba lero lomwe ukupikisana, poti manja akusowa chogwira. Wafika bwino ku Trysil? Pawailesi anena kuti msewu wa ku Rena unatsekeka ndi chipale, ndiye ndakhala ndikuganiza za basi yako.

Masiku anayi amene unakhala nafe anatha ngati madzi. Ndinasangalala kuti iwe ndi abambo ako simunakangane, ngakhale kuti simunalankhulanenso zambiri.

Koma pali chimene chikundidabwitsa. Chichokereni iwe dzulo, abambo ako akungomwetulira okha. Akuimba mluzu m'khola, anthu oti mluzu anausiya kalekale. Lero afunsa katatu kuti, “Ayamba nthawi yanji? Thabwa lija tione mmene liyendere lero.” Ndawafunsa chimene akubisa, iwo akuti, “Dikira, adzanena yekha mwiniwake.” Kaya ndi chiyani. Utilembere msanga.

Mayi ako,
Oddny

Hemsedal, 10 Januwale 1996

Amayi,

Moni. Sindifunsa zambiri, mundikhululukire, mtima wanga wapsa.

Ndinathera kumapeto ku Trysil. Mwa atsikana onse, ine ndiye ndinatseka chitseko.

Basi inachedwadi, tinachita kugona panjira. Ndinafika anzanga atamaliza kale kuyeserera, dzina langa likuitanidwa. Sindinade nkhawa, chifukwa thabwa tinali titalikonza ndi Jarle ndisanabwere kwanuko. Tinalipaka phula loterera ndi simbi yamoto, n'kulipala mpaka kuwala, n'kulitsekera m'chikwama. Ndinangolisolola, n'kumanga miyendo, n'kulowa m'ngalande.

Amayi, thabwa linakana kuyenda. Linali ngati wina walikoka mchira. Khoma loyamba sindinafike n'komwe pamlomo. Lachiwiri ndinakwera theka n'kubwerera chafutambuyo. Pakati pa ngalande linangoima njii, ine n'kugwa chafufumimba pamaso pa oweruza ndi anthu onse. Mnyamata wina anakuwa kuti, “Apatseni ndodo agogowo!” Anthu anaseka. Ulendo wachiwiri sindinaupitenso, ndinali nditakhala pachipale ndikulira.

Jarle anatembenuza thabwa, n'kupititsa chala pakati pake, n'kuchinunkhiza. Akuti, “Iwe, ndani wakupakira phula la madala ili? Ili ndi lomata, la anthu okwera mitunda ndi masikii. Ndipo wopakayo ndi katswiri, taona mmene walisalazira, silikuoneka n'komwe.”

Sindinafunikire kufunsa. Fungo limenelo ndinakula nalo. Ndipo m'dziko lonse lino ndi chikhatho chimodzi chokha chimene chimasalaza phula chonchija.

Ndinayesetsa kudziuza kuti mwina sizinali dala. Ndiye ndikufika kuno n'kupeza kalata yanu: akumwetulira, akuimba mluzu, akudikira kuti aone mmene thabwa liyendere. Auzeni kuti layenda monga anafunira. Akanangondiuza pamaso kuti sakufuna ndipite, ndikanalira n'kuiwala. Koma kutsegula chikwama changa mobisa, n'kundiperekeza kubasi, n'kundinyamulira thabwalo ndi manja awo omwe! Anandipatsa nyengo imodzi ndi dzanja ili, n'kuilanda ndi dzanja linalo.

Musandiimbire foni, sindibwera kudzayankha.

Rannveig

Oppdal, 18 Febuluwale 1996

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndili moyo. Mwezi wathunthu wapita osalandira kanthu kuchokera kwanuko, ndiye ndaona kuti nkhani ija yakusowetsani chonena. Ndamvetsa. Mkazi saneneza mwamuna wake.

Ndinasamuka ku Hemsedal patangopita masiku ochepa nditakulemberani. Jarle anabweretsa gulu lonse kuno kuti tizolowere ngalande ya mpikisano womaliza. Tikugona anthu asanu ndi mmodzi m'kanyumba ka matabwa, ndipo nthawi ya nkhomaliro ndimagulitsa soseji pafupi ndi pokwerera mipando yachingwe yokwezera anthu paphiri. Keyala yatsopano ili kuseri kwa envelopuyi.

Ndikuphunzira ngati wamisala. Ndimakhala woyamba kulowa m'ngalande ndipo amachita kundithamangitsa kukada. Tsopano ndikutha kuzungulira kamodzi ndi theka m'mwamba nditagwira thabwa ndi dzanja, ndipo mwa maulendo ambiri ndimatera bwino. Jarle akuti, “Kaya wakukwiyitsa ndani, koma ndikufuna ndikamugulire mowa.” Akanadziwa.

Chifukwa cha za ku Trysil, pano palibenso za nambala yachiwiri kapena yachitatu. Osankha anena kuti ndikapanda kupambana pa 16 Malichi, basi kwatha. Zikatero pangano ndidzalisunga, ine si wothawa mawu anga. Ndidzakama ng'ombe zawo mpaka ukalamba. Koma patebulo limodzi ndi iwo sindidzakhalapo.

Thabwa ndimagona nalo pambali pa bedi.

Mwana wanu,
Rannveig

Folldal, 21 Febuluwale 1996

Iwe Rannveig,

Wandisautsa, mwana iwe! Ndinakuyankha tsiku lomwe kalata yako yowawa ija inafika, koma inabwerera ndi chidindo chakuti mwiniwake anasamuka. Ndinaimba kuhotela ngakhale unaletsa, n'kungondiuza kuti wapita kumpoto ndi anzako. Kumpoto n'kwakukulu! Munthu amasamuka osasiya keyala ngati mbalame? Ndipo usandiuzenso zakuti mkazi saneneza mwamuna wake. Abambo akowo ndawaneneza kokwanira, afunse.

Nayi kalata ija, ndaiika momwemu osasintha kanthu. Uiwerenge utakhala pansi.

Folldal, 14 Januwale 1996

Mwana wanga,

Kalata yako ndaiwerenga kawiri ndili chilili, kenako ndapita nayo kukhola. Ndinali wokwiya kuposa iwe. Ndinati, “Eilif, ikani ndowayo pansi. Mwamuchita chiyani mwana?”

Iwo anayamba n'kumwetulira. Akuti, “Wazindikira eti? Wati layenda bwanji?”

Ndinawawerengera yonse, osadumpha liwu. Rannveig, ndakhala ndi bambo ameneyu kuyambira ndili mtsikana, koma nkhope yotere sindinaionepo. Anakhala pachitini cha mkaka ali kukamwa yasa. Kenako anati, “Ndinangofuna kuliona thabwalo, chinthu chimene chandilanda mwana. Nditalitembenuza ndinapeza pansi pake pali see, kuchokera kumutu mpaka kumchira, popanda pogwirira ngakhale pang'ono. Ndinati anyamata a tsitsi lalitaliwa sadziwa kanthu, amupha mwana wanga. Nanga akatsika phirilo, akwera bwanji pobwerera?”

Ndinati, “Amakwera pamipando yachingwe, munthu wamkulu inu!”

Akuti, “Nanga makoma a ngalande aja unkawerenga aja? Si mtunda umenewo?”

Wamva? Anamva kuti umakwera khoma ili ndi khoma ilo, ndiye m'mutu mwawo munali kuti pamene pali chokwera pafunika phula lomata. Anatuluka panja kukafinya chipale monga kale, n'kusankha chitini chimene amachiumira chija. Mluzu uja unali wa munthu wodikira kuthokozedwa.

Sanakhulupirirebe kuti phula lawo lingaimitse munthu. Masana anatenga thabwa lako lakale lija m'shedi, n'kulipaka chimodzimodzi, n'kukwera nalo kamtunda ka kuseri kwa khola atavala majombo okamira. Ine ndinkaonera pawindo. Anamanga miyendo, n'kudzikankha. Thabwa linangoti pang'ono, n'kuima, iwo n'kudyetsa mphuno m'chipale. Anadzuka, n'kupala phula lonse ndi mpeni, n'kukweranso. Ulendo uno, mayo ine! Anatsika ngati mphezi, manja ali m'mwamba, akukuwa dzina langa, mpaka anakathera pamulu wa manyowa. Mwayi wake muluwo unali wofunda mkati.

Analowa m'nyumba akununkha, atagwira nthiti. Ndinkafuna kuseka, koma nditawayang'ana m'maso chiseko chinathawa. Anati, “Oddny, mwana uja ndamutchera ndale ndi manja angawa.” Chakudya sanadye.

Ndawauza kuti akulembere, akuti alibe mawu okwanira. Ndiye ndalemba ine. Analakwa, inde, ndipo kulakwa kwake n'kwakukulu. Koma sanakuchite chiwembu, mwana wanga. Anakukonda ndi chida cholakwika.

Mayi ako,
Oddny

Ndi imeneyo. Tsopano ndiwonjezere za masiku ano. Abambo ako anapita ku Tynset kukagula phula loterera, ndipo anachita kufunsa kamnyamata ka m'sitolo kapakidwe kake, iwo amene sanafunsepo munthu njira chibadwire. Atenga simbi yanga yositira. Tsiku lililonse akatha kukama amalisungunulira pathabwa lakale lija, n'kupala, n'kukalitsetseretsa lokha pakamtunda, n'kulithamangira. Bulauzi yanga ya kutchalitchi yatha ntchito, ili ndi chibanga cha phula pamsana. Sananene kuti akukonzekera chiyani. Ndikuganiza kuti iwonso sakudziwa.

Chibale n'fupa, sichiola. Chita nazo zimene ukuona.

Mayi ako yemwe uja

Oppdal, 1 Malichi 1996

Ababa,

Moni. Nthiti zili bwanji?

Kalata ya Amayi ndaiwerenga mpaka yafewa. Ndinalira, kenako nditafika pamulu wa manyowa ndinaseka moti anzanga anaganiza kuti ndadwala. Ndinakuganizirani zoipa kwambiri, ndipo zina ndinazilemba. Sizingafufutike, koma ndikanakonda ndikanayamba ndafunsa.

Mpikisano uli Loweruka pa 16. Kuchokera kwanu kudutsa phiri si kutali. Ngati ng'ombe zingapeze wozikama, bwerani Lachisanu. Mubwere ndi simbi ya Amayi, poti ndamva kuti yasanduka yanu. Thabwa langa lidzafuna phula, ndipo sindidzapatsa munthu wina.

Koma zitini zina zija muzisiye kunyumba, chonde.

Mwana wanu,
Rannveig

Oppdal, 17 Malichi 1996

Okondedwa Amayi,

Moni, ndipo zikomo pokhala nokha ndi ng'ombe masiku awiri. Ndikudziwa kuti Ababa afika n'kungokuuzani kuti “Zayenda,” n'kupita kukhola. Ndiye khalani pansi, muthire khofi, ndikuuzeni ine zonse.

Anafika Lachisanu masana atavala juzi yawo ya maukwati, simbi ili kukhwapa. Anaima pakhomo la shedi imene timakonzeramo matabwa, osalowa. Anyamata onse anatembenuka kuwayang'ana. Jarle anandikokera pambali n'kunong'ona, “Mdala ameneyu ndiye anakupakira phula la ku Trysil lija?”

Ndinati, “Ndi omwewo.”

Akuti, “Ndiye ukufuna kuwapatsanso thabwa? Iwe Rannveig, mutu ukuyenda bwino? Uwu ndi mwayi wako womaliza. Bweretsa kuno ndikupakire ine.”

Amayi, sindinama, ndinakayikira. Jarle wapaka matabwa mazanamazana, Ababa phula loterera apaka pathabwa limodzi lokha, lakale, la pamulu wa manyowa. Koma ndinawayang'ana ataima pakhomo paja, chipewa chili m'manja ngati mlendo wosaitanidwa, ndipo ndinadziwa kuti ndikapatsa Jarle ndiye kuti kukhululuka kwanga kunali kwa papepala chabe. Ndinanyamula thabwa n'kukawapatsa.

Iwo akuti, “Watsimikiza? Ine mbiri yanga ndi yoipa.”

Ndinati, “Ikonzeni lero.”

Anayamba atuluka panja kukafinya chipale, monga mwa masiku onse. Kenako anayatsa simbi, n'kusungunulira phula pathabwa. Anapala, n'kupukuta, n'kupalanso. Jarle ankangozungulira ngati nkhuku yofuna kuikira. Pomaliza anapititsa chala pansi pa thabwa, n'kuchinunkhiza, n'kunena kuti, “Chabwino, madala, lero simunaike zomatira mbewa.” Ababa anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kutsitsi, n'kuti, “Iwe ukadzafuna kumeta undiuze, zida ndili nazo.” Kuyambira pamenepo akhala ngati anabadwira nyumba imodzi.

Loweruka kunacha kowala, anthu atadzaza mbali zonse za ngalande. Aliyense amapita maulendo awiri, ndipo amawerenga umene wachita bwino. Ulendo woyamba nditangolowa ndinamva kuti thabwa ili si lija ndinalizolowera. Linkathamanga ngati labedwa. Khoma loyamba linandiponya pamwamba pomwe sindinafikepo chiyambire, ndinachita mantha m'mwambamo, n'kutera molakwika, n'kugwa.

Ndinawapeza Ababa kumunsi atayera nkhope ngati mkaka. Akuti, “Ndalakwitsanso. Ndisiye ndikakwere galimoto ndizipita.”

Ndinawagwira juzi. Ndinati, “Simunalakwitse. Lathamanga kuposa mwiniwake, basi. Tsopano ndalidziwa. Imani pompo muone.”

Ulendo wachiwiri ndinali womaliza kulowa, ndipo mtsikana wa ku Geilo anali patsogolo ndi mapointi ambiri. Ndinaima pamwamba. Ndinaona ngalande yonse ili pansi panga, ndi famu yonse ili m'mutu mwanga. Ndiye ndinamva belu. Amayi, bwanji simunandiuze kuti Ababa anamuvula Staslin belu lake? Ena anali ndi timabelu togula m'sitolo, koma kulira kwa limeneli ndingakuzindikire ngakhale ndili m'tulo. Ndinaseka ndekha, n'kupinda mawondo, n'kulowa.

Ulendo uno sindinalimbane nalo liwiro, ndinangolilola. Khoma loyamba ndinauluka mpaka kuona mitu ya anthu pansi panga, ndikugwira thabwa, ndipo ndinatera ngati pamatiresi. Lachiwiri chimodzimodzi. Pa lachitatu ndinazungulira kamodzi ndi theka. Pofika khoma lomaliza liwiro linali lidakalipo lambiri, ndiye ndinati zivute zitani, n'kuzungulira kawiri kathunthu, chinthu chimene ndinali nditangochiyesa poyeserera pokha. Dziko linatembenuka, phiri, thambo, phiri, thambo, kenako thabwa linagunda chipale ine ndili chilili. Ndili chilili, Amayi!

Phokoso lake sindingalilembe. Jarle anagwada pachipale akumenya pansi ndi zibakera. Atalengeza mapointi, dzina langa linali pamwamba. Ndapambana! Mkulu wa timu anabwera kudzandigwira chanza, n'kundiuza kuti ndikonze pasipoti, mwezi wa Okutobala tikupita kukaphunzira kumapiri a ku Austria. Ndalowa timu ya dziko, Amayi, ine wa m'khola ndemwe!

Ababa ndinawapeza akuimbabe belu ngakhale ena onse anali atasiya. Misozi inali itaundana m'ndevu. Ndinawakumbatira, n'kuiwala za nthiti zija mpaka anabuula. Ndinkadikira kuti anene mawu aakulu. Iwo anangoyang'ana khoma la ngalande nthawi yaitali, n'kupukusa mutu. Akuti, “Komabe sindikumvetsa. Wakwera bwanji pamenepaja popanda chogwirira?”

Chikho chimene ndapambana ndawapatsira, muchiike pamwamba pa kabati pafupi ndi kabokosi kaja. Ndipo bulauzi ndikugulirani ina.

Ndine mwana wanu wosangalala,
Rannveig

Folldal, 9 Epulo 1996

Rannveig,

Moni. Amayi ako ali bwino. Ng'ombe zili bwino. Staslin wandikwiyira sabata yathunthu chifukwa cha belu, koma takambirana.

Ine kulemba makalata si ntchito yanga, ndiye ndinena mwachidule.

Pangano lathu wapambana ndiwe. Mapepala a sukulu ya ulimi ndayatsira mbaula. Famu ndikadali nayo mphamvu, ndipo ikadzandilemera tidzaona nthawi yomweyo. Usamaiganizire uli m'mwamba muja, ungagwe.

Kusitolo anthu akundifunsa za iwe. Ndikumawauza kuti thabwa linapakidwa ndi ine. Za ku Trysil sinditchula, nawenso usatchule.

Ndinanena kuti womanga miyendo pathabwa limodzi ndi nkhuku yopita kumsika. Mawuwo ndawabweza. Nkhuku siuluka chonchija. Pamene unali m'mwamba ulendo womaliza uja mtima wanga unaima, ndipo utatera ndinanyada kuposa tsiku lina lililonse la moyo wanga. Ndalemba kuti usadzati sindinanene.

M'phukusimu muli chitini chimodzi cha phula lomata, chotsala cha chija ndinakulakwira nacho. Usachite mantha, ndaphunzira, si cha thabwa lako. Masikii ako akale ndawakonza, ndipo ndawasiya kwa a Magnhild a kupositi, pomwe basi imaima. Upite ku Austria, upite kulikonse kumene akutume, utsike mapiri onse amene ukufuna. Koma kuchokera pamsewu kufika pakhomo pano ndi mtunda, ndipo kulibe mipando yachingwe. Tsiku limene udzafune kubwera, udzapake pakati, n'kusalaza ndi chikhatho monga ndinakuphunzitsira. Sudzabwerera m'mbuyo.

Bambo ako,
Eilif